Ngolo ya Constable ndi kalulu wa Turner: mlandu wa zithunzi zokongola

Pa 4 Julayi 2022, achinyamata awiri a gulu la Just Stop Oil, lomwe linkalimbana ndi kukumba mafuta, analowa mu National Gallery, nyumba yosungira zithunzi ya mumzinda wa London, ngati alendo ena onse, nalunjika pa chimodzi mwa zithunzi zimene Angelezi amazikonda koposa, The Hay Wain (ngolo yonyamula udzu), chomwe John Constable anajambula mu 1821. Anachiphimba ndi mapepala osindikizidwa osonyeza malo omwewo ataonongeka: mtsinje utasanduka msewu watala, ndege zikudutsa m'mwamba, magalimoto akutha atatayidwa pambali. Kenako anadzimata manja pafelemu ndi guluu. Chithunzicho chinapulumuka, kupatula felemu ndi vanishi wapamwamba zimene zinakhudzidwa pang'ono, koma mkangano sunathere pomwepo. Mu 2024 unabukanso pamene Fitzwilliam Museum ya ku Cambridge inaika kachikwangwani m'chipinda cha zithunzi za malo akumudzi, kochenjeza kuti zithunzi zotere zimatha kudzutsa mtima wonyadira dziko umene uli ndi mbali yake yamdima, yoganiza kuti eni dziko ndi okhawo amene makolo awo anachokera pomwepo. Ena analusa kuti tsopano ngakhale mitengo ndi ng'ombe zikuimbidwa mlandu wa tsankho. Ena anati kachikwangwaniko kanachedwa kubwera.

Ine ndili ndi mbali pamkanganowu, ndipo ndiinena poyambirira pomwe. Zithunzi za malo zimene akatswiri a nyengo ya Romanticism anajambula ndi utoto wamafuta n'zoyenera kuziyang'ana mofatsa ndi kuzikonda popanda manyazi, ndipo apa ndikuphatikizapo ife amene makolo athu anali kumbali yopwetekedwa ya mbiri ya ku Ulaya. Amene amati kukongola kwake ndi nsalu yophimba zoipa ali ndi mfundo, ndipo ndiwapatsa bwalo. Koma amalakwitsa chinthu chimodzi chachikulu: amaganiza kuti munthu akayang'anitsitsa chithunzi chokongola amagonekedwa tulo. Zimene ndaona ine n'zakuti wogonekedwa ndi uja amangodutsa, n'kujambula pafoni, n'kumapita kukamwa tiyi. Woima mphindi khumi amachoka ndi mafunso amene sanabwere nawo.

Tisanapite patali, dzina lenilenilo limasokoneza. Romanticism sikhudzana ndi zibwenzi kapena maluwa ofiira a mu Febuluwale. Anali maganizo amene anafalikira ku Ulaya kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka cha m'ma 1850, nthawi imene mafakitale, malasha ndi njanji zinkasintha nkhope ya dziko. Kale akuluakulu a luso ankati ntchito yapamwamba ndi kujambula nkhani za m'Baibulo, nkhondo ndi mafumu, ndipo mapiri ndi mitambo zinkangokhala kumbuyo ngati chinsalu cha pa zisudzo. Amuna atatu obadwa motsatizana anatembenuza zimenezi: Caspar David Friedrich, wobadwira ku Greifswald m'dziko lomwe lero ndi Germany mu 1774, J. M. W. Turner, mwana wa munthu wometa tsitsi ku Covent Garden, wobadwa mu 1775, ndi Constable, wobadwira ku East Bergholt m'chigawo cha Suffolk mu 1776. Iwowa anatenga thambo, nkhungu ndi namondwe n'kuziika patsogolo. Chimene ankachisaka ndi mantha osakanikirana ndi kuzizwa, amene munthu amakhala nawo akaima pamaso pa chinthu chimene sichimudziwa ndipo sichimusamala. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Phalombe safunika kumumasulira zimenezi. Phiri lomwe amalinyadira m'mawa dzuwa likamaliwomba ndi lomwelo lomwe linatsitsa matope ndi miyala nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, ndipo amene anatcha nsonga yake kuti Sapitwa sanachite kuwerenga mabuku a ku Germany.

Tsopano timve otsutsa. Mfundo yawo yoyamba, yomwenso ndi yolemera kuposa zonse, ndi yakuti zithunzizi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amati taonani The Hay Wain: mtsinje wa Stour wadekha, ngolo yaima pamadzi osaya, galu akuyang'ana ali m'mbali, nyumba ya mlimi Willy Lott ikutuluka utsi mwamtendere. Koma zaka zomwezo aganyu a m'minda ya kum'mawa kwa England ankagona ndi njala. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815 malipiro anatsika, lamulo loteteza mtengo wa tirigu linakweza mtengo wa buledi, ndipo mu 1822, chaka chimodzi chokha chithunzichi chitaonetsedwa, anthu a ku Suffolk ndi Norfolk ankatentha milu ya udzu ndi kuswa makina opunthira tirigu. Constable mwiniwake sanali mmodzi wa aganyuwo. Bambo ake, a Golding Constable, anali ndi zigayo zamadzi ku Flatford ndi ku Dedham ndiponso mabwato onyamula katundu, ndipo mwanayo pa ndale anali woopa kusintha. Ndiye otsutsa amati n'chifukwa chake anthu omweta udzu m'chithunzichi anawakankhira kutali, ang'onoang'ono ngati nyerere zenizeni, kuti thukuta lawo lisaononge maonekedwe.

Zonsezi n'zoona, ndipo sindichotsapo ngakhale chimodzi. Koma funso langa n'lakuti: umboni umenewu otsutsa anaupeza kuti? Anaupeza m'chithunzi momwemo. Kuti munthu adziwe kuti omweta udzu ndi ang'onoang'ono, anayenera kuima n'kuwafufuza kumanja chakutali uko, m'dambo lowala. Ndipo akangoyamba kufufuza amaona kuti m'chithunzichi mulibe chinthu chimene chikupuma. Madziwo ndi otuluka kuchigayo, ngoloyo ilibe kanthu chifukwa ikupita kukasenza, akavalo ali m'goli, mayi wina wawerama pamadzi pafupi ndi nyumba. Constable anachitcha poyamba dzina losonyeza kuti ndi nthawi yamasana, pakati penipeni pa tsiku la ntchito. Chachiwiri, tisaiwale kuti anthu a nthawi yake sanachione ngati chotsekemera. Iwo anazolowera zithunzi zofiirira zosonyeza mabwinja a ku Italy, ndiye munthu uyu akuwabweretsera matope, mitengo yowola ndi nyumba ya mlimi wamba pachinsalu chachikulu chimene mwambo unkachisungira mafumu. Chitaonetsedwa ku Royal Academy, bungwe la akatswiri a luso la ku London, mu 1821 palibe amene anachigula. Anachita kuchizindikira ndi Afalansa, amene anamupatsa mendulo yagolide ku Paris mu 1824, ndipo kwawo anamulandira ngati membala wathunthu wa Academy mu 1829, ali ndi zaka 52.

Pali chinanso chimene otsutsa amachidumpha. Constable sanajambule chithunzichi ali m'mbali mwa mtsinje. Anachijambulira m'chipinda ku London, pogwiritsa ntchito tizithunzi tating'ono timene anatola kumudzi zaka zam'mbuyo. Ndi ntchito ya munthu wopukwa kwawo. Aliyense amene anakhalapo ku Johannesburg kapena ku Leeds akudziwa mmene mudzi umaonekera m'mutu mwa munthu usiku: umaona mtengo wamango, fumbi la madzulo ng'ombe zikamabwerera, suona nkhokwe yopanda kanthu ya mu Januwale. Kodi munthu ameneyo ndi wabodza? Ayi, ndi mboni imene inaona mbali imodzi. Bwalo lanzeru silithamangitsa mboni yotere. Limaimvetsera, kenako n'kuitana ina.

Mboni inayo ilipo, ndipo ndi ya m'gulu lomweli. Mu 1840, chaka chimene ku London kunachitika msonkhano waukulu wolimbana ndi ukapolo, Turner anaonetsa chithunzi chimene lero chimadziwika kuti The Slave Ship, chomwe chili ku Museum of Fine Arts mumzinda wa Boston. Ukachiona uli patali umaona kulowa kwa dzuwa kofiira ngati moto wolusa, nyanja yowinduka, chombo chikulimbana ndi mkuntho. N'chokongola mochititsa mantha. Ukayandikira umaona manja akutuluka m'madzi, maunyolo, mwendo wa munthu wakuda womangidwa, nsomba zitauzungulira. Nkhani imene anthu amachilumikiza nayo ndi ya chombo cha Zong, mmene mu 1781 amalinyero anaponyera m'nyanja Aafirika oposa 130 amoyo, kenako eni chombo nakapempha ndalama za inshuwalansi ngati ataya katundu. Apa kukongola sikunaphimbe kanthu. Ndi msampha umene umakukoka kuti uyandikire, kenako n'kukugwira pakhosi. Ndipo kuti nkhani isakome mopitirira, tinene kuti Turner yemweyo mu 1805 anaikapo ndalama m'munda wina wa ku Jamaica umene unkadalira ntchito ya akapolo. Munthuyo sanali woyera m'manja. Koma chithunzicho chimanena zoona zoposa mwini wake, ndipo wotiuza ife kuti tisachiyang'ane chifukwa cha machimo a wojambula akutilanda umboni wa mlandu wathu womwe.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ija ya kachikwangwani ka ku Cambridge, yakuti zithunzi za malo zimadyetsa mtima wa "dziko lino ndi lathu tokha". Apanso chitsanzo chilipo. Friedrich anamwalira ku Dresden mu 1840 ali wosauka ndiponso ataiwalika, koma patapita zaka pafupifupi 100 a chipani cha Nazi anamukumba n'kumusandutsa chizindikiro cha mzimu wa Chijeremani, moti nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha anthu ambiri ankachita naye manyazi. Kwa ife nkhaniyi imafika pafupi kwambiri kudzera mwa Thomas Baines wa ku King's Lynn, amene anali wojambula pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi mu 1858 mpaka pamene anamuchotsa ntchito. Mu 1862 Baines anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) ndi James Chapman, ndipo zithunzi zake, zomwe zinasindikizidwa ku London mu 1865, zinaonetsa anthu a ku Ulaya mathithiwo. Utsi wamadzi, utawaleza, phompho lakuya, zonse anazijambula ndi diso lomwe lija lofuna mantha ndi kuzizwa. Koma Baines yemweyo pambuyo pake anakapempha kwa Lobengula, mfumu ya Amandebele, chilolezo chofufuza golide. Ndiye otsutsa amati burashi inkayenda patsogolo, fosholo ndi mfuti pambuyo: choyamba umajambula dziko ngati lopanda eni, kenako umalitenga.

Pa Baines sinditsutsa zambiri, chifukwa ngakhale dzina limene mathithiwo amadziwika nalo m'mabuku ndi la mfumukazi imene sinapondepo. Koma mfundoyi ikutiphunzitsa kufunsa kuti ndani wajambula, waima pati, ndipo wasiya ndani kunja kwa felemu. Mafunso amenewa amafuna maso ophunzitsidwa, ndipo maso saphunzira potembenukira kumbali. Pa Friedrich ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Tengani chithunzi chake The Monk by the Sea, chimene anachimaliza mu 1810 ndipo chili ku Berlin: kamunthu kamodzi kakang'ono kaima pamchenga, kutsogolo kwake nyanja yakuda, ndipo mbali yaikulu ya chinsalu ndi thambo lopanda kanthu. Mulibe mbendera, mulibe chipambano, mulibe ngakhale bwato loti maso apumirepo. Friedrich ali mnyamata anaona mng'ono wake akumira m'madzi oundana mu 1787. Anthu ake ambiri amawajambula atatifulatira, kuti ife tiime kumbuyo kwawo n'kuyang'ana chimene akuyang'ana. Ngakhale m'chithunzi chotchuka chija cha ku Hamburg, cha mwamuna woima pathanthwe ndi ndodo yake, chimene iye akuona pansipo ndi nkhungu yokhayokha. Andale amene anaona ufumu m'zithunzi zotere anachita kubweretsa okha m'thumba. Kuimba mlandu wojambula chifukwa cha anthu amene anamuba atafa kale n'chimodzimodzi kutentha nyimbo ya makolo chifukwa wandale wina anaivina pamsonkhano wake.

Mfundo yachitatu siichokera kwa ophunzira koma kwa anthu wamba, ndipo mwina ndiyo ili m'mitima ya owerenga ambiri. Amati zonsezi n'zachikale. Foni ya m'thumba imajambula kulowa kwa dzuwa bwino kuposa burashi, ndipo zithunzi za ngolo ndi mitsinje tinaziona kale pamakalendala, pazitini za mabisiketi ndi pamakoma a mahotela mpaka zinatikola. Apa ndiyenera kuvomera kuti nanenso ndinkaganiza choncho mpaka pamene ndinaima pamaso pa chithunzi chenichenicho, ndipo kulowa mu National Gallery n'kwaulere. Choyamba chimene chimakudabwitsa ndi kukula: masentimita 185 m'litali ndi 130 m'mwamba, moti thambo lake limakukwirira. Chachiwiri ndi khungu lake. Utoto wamafuta ndi ufa wamitundu wosakaniza ndi mafuta, kawirikawiri a njere za fulakesi. Mafutawa sauma ngati madzi, amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya, ndipo zimatenga masiku. Kuchedwa kumeneku ndiko chuma cha wojambula: angathe kupukuta, kupala ndi mpeni, kusakaniza mitundu pachinsalu pomwepo, kapena kudikira kuti ziume n'kupakapo utoto wina wopyapyala woonekera m'kati. Kuwala kumalowa m'magawo amenewa n'kubwerera m'diso, n'chifukwa chake mthunzi wa pansi pa mitengo umaoneka wakuya ngati ungapisemo dzanja. Pamalo ena utotowo ndi wokhuthala ngati phala, ndipo timizere take timagwira kuwala kwa m'chipinda, moti ukasuntha phazi madziwo amasintha. Kalendala imapha zonsezi. Imakupatsa fupa nyama itachotsedwa.

Chinanso n'chakuti foni imagwira kamphindi kamodzi, pamene chithunzi chamafuta chimaunjika maola ambiri a kuyang'ana. Mu 1821 ndi 1822 Constable ankakwera ku Hampstead kukajambula mitambo yokhayokha, kambirimbiri, ndipo kumbuyo kwa pepala ankalemba tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera. Anali mwana wa pachigayo, ndipo m'banja lokhalanso ndi chigayo champhepo thambo si chokongoletsa, ndi nkhani ya ntchito, monga mmene mlimi wa kwathu amaliwerengera mu Novembala mbewu ili m'manja. Ankachita zimenezi nthawi imene machubu a utoto kunalibe, pakuti John Goffe Rand anawatulukira mu 1841, Constable atamwalira kale mu 1837, ndipo ojambula ankanyamula utoto m'timatumba ta chikhodzodzo cha nkhumba. Timadontho toyera timene ankawaza pamasamba ndi pamadzi kuti ziziphethira ngati mame, otsutsa a nthawi yake ankatinyoza kuti ndi chipale chofewa cha Constable. Kuti muone mphamvu ya dontho limodzi, pali kankhani ka mu 1832. Zithunzi za awiriwa zinapachikidwa moyandikana ku Royal Academy, cha Constable chodzaza mitundu yowala, cha Turner chotuwa chosonyeza nyanja. Turner analowa, n'kudontheza utoto wofiira pakati pa nyanja yakeyo, n'kutuluka osanena kanthu. Akuti Constable ataona anadandaula kuti mnzakeyo wabwera n'kuombera mfuti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kadontho kotereka sikaoneka kwa munthu wothamanga.

Nanga achinyamata aja a guluu? Mfundo yawo ndi yakuti n'chamanyazi kulirira chithunzi cha mtsinje pamene mitsinje yeniyeni ikuuma. Mantha awo ndikuwamva, ndipo munthu wochokera kudziko limene Freddy anapha anthu mazanamazana sangawaseke. Koma taonani chimene anachita: pa zithunzi zoposa 2,000 za m'nyumbamo anasankha chimenechi, chifukwa ankadziwa kuti anthu amachikonda. Chionetsero chawo chinabwereka mphamvu yake kwa Constable. Pakanapanda munthu amene anaphunzitsa mibadwo ya Angelezi kuona kuti dambo lamatope ndi chinthu chamtengo wapatali, pepala lawo la msewu watala silikanapweteka aliyense. Lero malo a ku Flatford amasamalidwa ndi bungwe la National Trust, ndipo nyumba ya Willy Lott idakalipo, makamaka chifukwa cha chithunzicho.

Ndiponso si zoona kuti ojambulawa anatseka maso pa utsi wa nthawi yawo. M'nyumba yomweyo muli The Fighting Temeraire cha Turner, choonetsedwa mu 1839, mmene kabwato kakuda koyendera malasha kakukoka chombo chankhondo chakale kupita nacho kokachiphwasula. Chithunzi chimenechi chili pa ndalama yapepala ya mapaundi 20 kuyambira mu 2020. Pafupi nacho pali Rain, Steam and Speed cha mu 1844. Sitima ya Great Western Railway ikuwoloka mlatho wa ku Maidenhead pa mtsinje wa Thames mvula ikugwa, ndipo mvula, nthunzi ndi kuwala zasakanikirana moti sudziwa pamene thambo lathera. Chinthu chokha chakuthwa ndi chumuni yakuda ya injini imene ikubwera molunjika kwa iwe. Kumanja, kutali, kuli munthu akulima ndi pulawo, wosaoneka bwino ngati akusungunuka. Anthu amakanganabe ngati Turner ankatamanda sitimayo kapena ankaiopa, ndipo ine ndikuganiza kuti ankachita zonse ziwiri.

Tsiku limene ndinachiona ndinali nditamva kuti panjanjipo pali kalulu. Ndinafufuza osamupeza, ndinabwerera m'mbuyo, ndinayandikiranso mpaka mlonda anandiyang'ana. Kenako ndinamuona chakumunsi, kachizere kotuwa kofanana ndi miyala ya panjanji, makutu atagona kumbuyo, akuthamanga kutsogolo kwa injini. Ali pamlatho, ndiye kumanzere ndi kumanja kulibe kothawira. M'nthano zimene tinakulira nazo kalulu amapulumuka nthawi zonse, ndipo ndinadzipeza ndikuyeza ndi maso mtunda wotsala pakati pa iye ndi magudumu.